Kubwerera ku tindege ta pathebulo munthu utakula: mafunso ndi mayankho

Abambo ambiri a mu Lusaka amene imvi zayamba kuwatuluka anakula akupanga ndege. Ochuluka ankapinda waya kuseri kwa nyumba ku Matero, ku Chaisa kapena ku Kabwata. Ochepa, amene makolo kapena amalume awo ankayenda kunja, ankamata tizidutswa ta pulasitiki tochokera m'bokosi la Airfix kapena la Matchbox. Kenako kunabwera mayeso, ntchito, ukwati ndi lendi, tindege n'kuiwalika. Masiku ano ena mwa iwo mtima ukuwakokeranso komweko. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amatuluka kawirikawiri kuno ku Emmasdale mlendo akaona kandege pa shelefu ya pabalaza.

Kodi tindege timeneti timauluka?

Ayi. Ndege zouluka ndi rimoti pamodzi ndi madroni ndi nkhani ina, ndipo zili ndi malamulo ake ku Zambia Civil Aviation Authority. Tathu tino ndi tongoika pa shelefu. M'bokosi mumapezamo tizidutswa ta pulasitiki tili pa timafelemu take, pepala la malangizo, ndi kapepala ka zizindikiro zomata ndi madzi. Inu mumadula, kupala, kumata ndi kupenta mpaka patuluke chifaniziro cha ndege inayake imene inakhalapodi, ya nambala yakutiyakuti, monga inkaonekera m'chaka chakutichakuti.

Munthu wa ana ndi adzukulu n'kumamata tizidole? Anthu sanena kuti mutu wabalalika?

Anena ndithu, makamaka akakupezani koyamba mutavala magalasi, lilime lili panja, mukulimbana ndi kachidutswa kosaoneka n'komwe. Koma bambo yemweyo akakhala pansi pa mtengo Loweruka lonse akusewera nsolo, palibe womufunsa zaka zake.

N'zoona kuti malondawa anayambira pa ana. Kampani ya Airfix, imene Nicholas Kove anaiyambitsa ku Britain mu 1939, inayamba kugulitsa tindege ta pulasitiki m'zaka za m'ma 1950, m'timatumba, m'masitolo a Woolworths, pa masheleni awiri. Mwana wa sukulu ankatha kusunga ndalama imeneyo. Anawo anakula, makampani n'kuwatsatira. Lero mabokosi ambiri amapangidwira munthu wamkulu: tizidutswa n'tambiri, malangizo ndi aatali, mtengo nawo si wa mwana. Bungwe la International Plastic Modellers' Society linakhazikitsidwa ku Britain mu 1963, ndipo chaka chilichonse mu Novembala limachititsa chionetsero chachikulu ku Telford. Mukaona zithunzi za kumeneko, mitu yambiri ndi ya imvi ndi madazi. Amayi nawo alipo, ngakhale ndi ochepa.

Kwa ine ntchitoyi imamukhala bwino wamkulu kuposa mwana. Mwana amafuna kandege kathe lero lomwe, guluu ali mbwee pa galasi, mapiko atapendekeka. Wamkulu amatha kusiya chinthu kuti chiume mpaka mawa. Ndipo kwa munthu amene waswera pa foni ndi pa kompyuta, n'kuthera madzulo pa mzere wa magalimoto mu Lumumba Road, ola limodzi logwiritsa manja okhaokha limatsitsa mtima pansi.

Manambala a pa bokosi, 1/72, 1/48, 1/144, amatanthauzanji? Ndiyambe ndi iti?

Ndi muyeso. 1/72 ikutanthauza kuti sentimita imodzi pa kandege ikuimira masentimita 72 pa ndege yeniyeni. Nambala ya m'munsi ikamakula, kandege kamachepa. Mapiko a Spitfire, ndege ya nkhondo ya Angerezi imene pafupifupi aliyense amayambira, ndi mamita 11.2 kuchokera nsonga ina kufika inzake. Pa 1/72 amakhala pafupifupi masentimita 16, pa 1/48 masentimita 23. Ndege zonyamula anthu zimapangidwa kwambiri pa 1/144, chifukwa DC-10 ya mamita 55 m'litali ingakhale pafupifupi masentimita 77 pa 1/72, ndipo m'nyumba ya lendi mungasowe poiika. Pa 1/144 imakhala masentimita 38.

Wobwerera ayambe ndi 1/72 ya injini imodzi. Ndi yotchipa, imadya penti wochepa, ndipo imatha msanga munthu asanagwe ulesi. Ena amati maso a munthu wopitirira zaka 40 amafuna 1/48. Sakunama, koma magalasi owerengera ndi kukhala pafupi ndi zenera zimathetsa vuto limenelo.

Chasintha n'chiyani kuchokera nthawi imene tinali ana?

Zambiri, ndipo zambiri mwa izo n'zabwino. Zikombole za masiku ano zimajambulidwa pa kompyuta, nthawi zina atachita kuyeza ndege yeniyeni ndi makina a laser, ndiye tizidutswa timalowana bwino osasiya mipata ikuluikulu. Penti wosungunula ndi madzi wafala. Makampani achuluka: Tamiya ndi Hasegawa a ku Shizuoka ku Japan, Revell ya ku Germany, Italeri ya ku Italy, Eduard ya ku Czech Republic, Academy ya ku South Korea, Trumpeter ya ku China. Airfix ilipobe, ili m'manja mwa kampani ya Hornby kuyambira 2006. Ndipo chimene kale munkachiphunzira poononga mabokosi atatu, lero mumachionera pa YouTube.

Chenjerani ndi chimodzi. Bokosi likhoza kukhala latsopano, chithunzi chowala, koma pulasitiki wa m'kati wochokera m'chikombole cha m'ma 1960. Airfix imanena poyera polemba kuti Vintage Classics pa mabokosi otere, ena salemba. Musanalipire, lembani dzina la bokosilo pa tsamba la pa intaneti la Scalemates, pamene pamaonetsa chaka chimene chikombole chilichonse chinayamba kugwira ntchito. Zakalezo si zoipa, ndipo kwa ena n'zimene zimakumbutsa ubwana, koma zimafuna kupala ndi kutseka mipata kwambiri.

Nanga mu Lusaka muno mabokosiwo tingawapeze kuti?

Apa ndiye pali phiri. Si katundu woti mungangotsika minibasi n'kumupeza pa shelefu iliyonse. Ambiri amachita kuitanitsa: ku masitolo a zimenezi a ku Johannesburg ndi Cape Town, ku Britain, kapena pa intaneti kuchokera ku China. Poitanitsa musawerengere mtengo wa bokosi wokha. Pali ndalama yotumizira, ndiponso za msonkho ku ZRA katundu akafika, kuphatikizapo VAT ya 16 peresenti. Kandege kotchipa kakhoza kufika pakhomo panu mtengo utawirikiza.

Njira yopepuka ndi m'bale kapena mnzanu wobwera kuchokera kunja. Bokosi limadya malo koma silolemera, ndiye mungamupemphe kuti atulutse timafelemu, atikulunge m'zovala, pepala la zizindikiro aliike pakati pa buku kuti lisapindike kapena kunyowa. Chokhacho musamutume penti wa enamelo, zitini zopopera kapena guluu wamadzimadzi ngati akubwera pa ndege. Zimenezo zimayaka moto, saloleza m'chikwama, ndipo mungomuvutitsa pa eyapoti. Zotere zimayenda bwino pamsewu, ndi anthu a mabasi ochokera ku Johannesburg amene amatsikira pa siteshoni ya Intercity.

Muziponyanso diso pamene mabanja a ku Kabulonga kapena ku Woodlands akugulitsa katundu wa m'nyumba posamuka, ndi m'magulu a malonda a pa Facebook. Bokosi logula kwa munthu mulitsegule musanapereke ndalama. Muwerenge timafelemu molingana ndi pepala la malangizo, muonetsetse kuti galasi la woyendetsa ndege lilipo ndipo silinasweke. Chidutswa china chilichonse mungathe kuchisema nokha, koma galasi n'lovuta.

Zida zake sizodula?

Zimene mumaona pa YouTube n'zodula, koma si zonse zofunika. Chowengera zikhadabo chimadula tizidutswa pa felemu. Lezala kapena kampeni kakuthwa kamapala zotsalira. Tomwe amayi amapalira zikhadabo ku saluni, topezeka ku Kamwala, timasalaza bwino kwambiri, ndipo sandipepa wa m'madzi wa nambala 600 mpaka 1200 ali kwa ogulitsa penti wa galimoto. Mapegi oyanikira zovala ndi timalegeni zimagwira mapiko guluu akamauma. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: yambani ndi zimenezi m'malo modikira phukusi limene lidzafike Disembala.

Chimodzi choyenera kuitanitsa ndi guluu weniweni wa tindege. Ameneyu samata ngati guluu wa mapepala. Amasungunula pang'ono pulasitiki wa mbali zonse ziwiri kuti zikhale chinthu chimodzi. Wamadzimadzi, monga Tamiya Extra Thin, amabwera ndi kaburashi pa chitsekerero. Mumagwirizitsa mbali ziwiri za thupi la ndege zili zouma, n'kukhudzitsa kaburashiko pa mzere wolumikizirana, guluu n'kuthamanga yekha kulowa mumng'alu. Mukafinya pang'ono, pamwamba pamatumphuka kamzere ka pulasitiki wosungunuka. Musakakhudze. Mawa lake kataumitsitsa mukapale ndi lezala, musalaze ndi sandipepa, ndipo mzere uja suonekanso. Chala chikakhala pa mzerewo guluu akuthamanga, chidindo chanu chitsala pa ndegeyo.

Supaguluu wa pa kantemba amagwira, koma sapatsa mpata wokonza chinthu chikapendekeka, ndipo mpweya wake umachititsa galasi kuyera ngati lachita nkhungu. Galasi mumate ndi guluu woyera wa akalipentala. Thina wa ku hadiweya wosungunulira penti wa galimoto musamuyandikize ku kandege, amadya pulasitiki. Ntchito yake ikhale yotsukira maburashi basi.

Chinanso chimene obwerera amaiwala: ndege ya tayala la kumphuno, monga MiG-21 kapena DC-10, ikhoza kukhalira mchira ngati simunaikemo cholemera. Timanati tiwiri kapena mtovu wa asodzi muzimatire kumphuno musanatseke thupi. Mukatseka, mwatseka.

Fumbi la Lusaka, kutentha, ndi magetsi ozimazima: munthu angapente bwanji?

Za magetsi musadandaule. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, nyumba zambiri mu Lusaka zinkakhala maola ochuluka pa tsiku opanda magetsi, TV ili zii. Kudula, kumata ndi kupenta ndi burashi sizifuna magetsi. Zimafuna kuwala kwa masana ndi thebulo. Chofuna magetsi ndi chopopera penti chotchedwa airbrush ndi kompuresa yake, ndipo wobwerera asathamangire zimenezo. Burashi yabwino yafulati ndi ina yosongoka n'zokwanira pa 1/72.

Chinsinsi cha burashi ndi kusungunula penti. Akhale wopyapyala moti ulendo woyamba pulasitiki azionekerabe pansi pake, kandege kakuoneka konyansa. Musawonjezere pomwepo. Dikirani aume, mupakenso kachiwiri, kachitatu. Penti wokhuthara wopaka kamodzi amakwirira timizere tonse timene mwalipirira ndalama.

Fumbi ndiye mdani weniweni, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Pukutani thebulo ndi nsalu yonyowa musanayambe, ndipo mukangomaliza kupaka vundikirani kandege ndi beseni kapena chikontena cha pulasitiki. Mu Okutobala penti wa madzi amaumira pa burashi musanafike n'komwe kumapeto kwa phiko, ndiye pentani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. M'nyengo ya mvula vanishi amatha kuchita mbuu chifukwa cha chinyezi. Sankhani tsiku louma. Bokosi musalisiye m'galimoto yoimikidwa padzuwa kapena pamwamba pa wadiropu pansi pa malata, chifukwa mapiko opyapyala amapindika ndipo zizindikiro zimang'aluka. Penti wa enamelo ndi guluu muzigwiritsa ntchito zenera lili lotsegula.

Zizindikiro zimafuna malo osalala. Pakani vanishi wonyezimira kaye, muviike chizindikiro m'madzi ofunda kwa kanthawi, muchitsetsereze kuchoka pa pepala lake ndi burashi yonyowa, kenako mufinye madzi a pansi pake ndi kansalu. Mukachimata pa penti wokhakhala, mpweya umatsalira pansi n'kumaoneka mbee m'mbali.

Ndipange ndege iti? Mabokosi onse ndi a Angerezi, Ajeremani ndi Aamerika.

Yoyamba ikhale iliyonse yotchipa, yophunziriraponso manja. Koma yachiwiri kapena yachitatu ndingakonde ikhale yathu. Ma Spitfire apangidwa miyandamiyanda padziko lonse, ndipo yanu sidzaonjezera kanthu. Ndege zimene zinauluka pamwamba pa Lusaka ndi ochepa amene amazipanga, chonsecho mabokosi a zambiri mwa izo alipo.

Zambia Airways inayamba mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, n'kuima payokha mu 1967, chaka chimene bwalo la ndege la kupitirira Chelstone, limene lero ndi Kenneth Kaunda International Airport, linatsegulidwa. Inaulutsapo DC-3, BAC One-Eleven, Boeing 707, Boeing 737 ndi ATR 42. Mu 1984 inalandira DC-10-30 yotchedwa Nkwazi, imene inkapita ku London, ndipo pambuyo pake ku New York kudzera ku Monrovia. Kampaniyo inatsekedwa mu Disembala 1994. Dzinalo linabwereranso mu Disembala 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, koma mwana wobadwa pambuyo pa 1994 sanaionepo Nkwazi ikutera. DC-10, 707, 737 ndi One-Eleven zonse zinapangidwapo pa 1/144. A ku Malawi nawo ali ndi zawo: One-Eleven ndi VC10 za Air Malawi.

Ku Zambia Air Force ndiye kuli zambiri, chifukwa dziko lino linkagula kum'mawa ndi kumadzulo komwe: Chipmunk, Beaver, Caribou ndi Buffalo za kampani ya de Havilland Canada, MB-326 ndi SF.260 za ku Italy, Galeb ndi Jastreb za ku Yugoslavia, MiG-21 ya ku Soviet Union, F-6 ndi K-8 za ku China. Shelefu imodzi ya tindege timeneti ingamuphunzitse mwana ndale za nthawi ya Kaunda mosavuta kuposa bolodi la m'kalasi.

Pa zonsezi pali imodzi yolemera mtima. Buffalo ya nambala AF-319 inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ku Gabon, usiku wa pa 27 Epulo 1993, ikupita ndi timu ya mpira ya dziko lino ku Dakar kukasewera ndi Senegal. Anthu onse 30 anamwalira, 18 mwa iwo osewera. Manda awo ali pa Heroes' Acre pafupi ndi Independence Stadium, kamtunda kochepa kuchokera kuno ku Emmasdale mukatsata Great North Road. Bokosi la Buffalo ndi losowa kuposa enawa. Woipanga aipange mwaulemu, ili chiimire pa matayala ake, yathunthu, nambala yake ili yolondola.

Vuto la ndege zathu ndi zizindikiro, chifukwa bokosi limabwera ndi za mayiko ena. Pali timakampani timene timasindikiza mapepala a zizindikiro za mayiko a mu Africa, ndipo n'koyenera kufufuza kaye pa intaneti. Zikasowa, mizere italiitali mungaipente pochinga ndi tepi, ndipo malemba ndi nkhwazi ya pamchira mungazisindikize nokha pa pepala lapadera la zizindikiro, n'kupaka vanishi pamwamba inki isanaone madzi. Kumbukirani kuti printa ya kunyumba kapena ya pa kafe sisindikiza mtundu woyera, ndiye njirayi imayenda bwino pa ndege imene thupi lake ndi loyera kale.

Pofuna zithunzi zoonera, musapite kukaimirira ndi foni ku mpanda wa City Airport ku Longacres. Ndi malo a asilikali, kujambula n'koletsedwa, ndipo kufotokoza kuti mumapanga tindege sikungakuthandizeni.

Ine sindinagwirepo bokosi la Airfix. Ndinkangopanga za waya ndi zitini. Ndili m'gulu?

Muli m'kati ndithu, mwinanso kutsogolo. Amene anapindapo waya n'kutulutsa ndege ya mapiko ofanana amadziwa kale kuyang'ana chinthu n'kuona mafupa ake, luso limene omata za m'bokosi ambiri alibe. Chimene mukuonjezera tsopano ndi muyeso. Pezani chojambula cha ndegeyo chooneka kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba, mugawe miyeso yake ndi 72 kapena 48, muchisindikize pa kukula kumeneko, ndipo chilichonse chimene mukusema muzichiyeza pamenepo.

Pulasitiki wa m'bokosi anachita kubwera pambuyo. Muyeso wa 1/72 unatchuka ndi tindege ta matabwa ta Skybirds ku Britain kuyambira 1932. Mu 1942 asilikali a pamadzi a ku America anapempha ana a sukulu kuti aseme tindege ta matabwa 500,000 pa muyeso womwewo, tophunzitsira asilikali kusiyanitsa ndege ya mdani ndi yawo. Thabwa lofewa, zitini za zakumwa, waya wa kopa wa m'zingwe zakale, zonsezi ndi zida. Timakontena tolimba tolembedwa PS kapena nambala 6 pansi pake ndi pulasitiki wa mtundu womwe uja wa m'mabokosi, ndipo guluu wa tindege amatigwira. Amene akufuna kuona mmene mpeni umayendera pa mtengo akakhale kanthawi pafupi ndi osema ziboliboli a ku Kabwata Cultural Village, agulepo kanthu, afunse mwaulemu.

Nanga kunyumba mayi akadandaula za ndalama ndi malo?

Akhoza kukhala kuti akunena zoona. Matenda odziwika a ntchitoyi ndi kugula mabokosi ochuluka kuposa amene munthu angapange. Ena kunja ali ndi zipinda zodzaza ndi mabokosi osatsegula. Kuno, kumene bokosi lililonse labwera ndi msonkho, zimenezo n'kuononga. Gulani limodzi, mulimalize, ndipo lachiwiri lidikire fizi ndi thumba la ufa. Zida zonse zikwane m'katoni imodzi yoti muzichotsa pathebulo nthawi ya nsima ikakwana. Malezala ndi guluu zikhale patali ndi ana aang'ono, koma mwana wamkulupo, wamkazi kapena wamwamuna, mumpatse phiko limodzi apale.

Mitundu yeniyeni ya ndege zathu zakale tingaitsimikize bwanji?

Zithunzi za pa intaneti zimathandiza, koma zambiri n'zojambulidwa patali ndipo mitundu inasuluka. Zabwino zili m'nyumba za anthu. Mu Lusaka muno mudakali amene anagwirapo ntchito ku Zambia Airways: oyendetsa ndege, amakaniko, amayi amene ankalandira alendo m'ndege, ogulitsa matikiti. M'maalubamu awo muli Nkwazi ili pafupi, zitseko, malemba, mizere yobiriwira ndi ya lalanje monga inalili. Ngati muli ndi gogo, azakhali kapena aneba otere, apempheni akuonetseni, mujambule zithunzizo ndi foni iwo atalola, ndipo mufunse chaka chimene chilichonse chinajambulidwa. Inunso amene mukusunga maalubamu amenewo, chonde musawataye posamuka. Tipatseni tione tisanayambe kupenta.